Gesti ya ku Melville yomwe tinagona titapita ku Pride ya ku Joni, ndaipatsa 4 pa 5

Anthu angapo akhala akundifunsa ku inbox kuti tinagona kuti ulendo uja wa Okutobala wa ku Pride, chikondwerero cha anthu okondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi. Dzina la gesti sinditchula, mukudziwa kale mmene zinthu zilili, ofuna andifunse mwamseri. Ili ku Melville, kamtunda pang'ono kuchokera pa 7th Street pamene pali mabala ndi malo odyera aja.

Tinanyamuka pa basi ku Blantyre ine ndi mnzanga, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge pomwe tinakhala pa mzere mpaka miyendo kutupa, ndiye pofika pa Park Station tinali titatheratu, fumbi lokhalokha, tulo tili m'maso. Viza sitinafune, pasipoti ya Malawi amakudindira masiku 30. Tinatenga Uber kupita ku gesti ndipo mumsewu monse mitengo ya jakaranda inali itachita maluwa, pepo paliponse, mnzanga mpaka anaiwala kutopa nkuyamba kujambula.

Tsono chomwe ndaperekera ma 4 anga ndi ichi. Pa risepushoni panali mayi wina wachikulire, mwini wake, anayang'ana buku lake nkunena kuti chipinda cha bedi imodzi yaikulu eti, ife eya, iye nkutipatsa makiyi ndi pasiwedi ya waifai, nkutiuza nthawi ya kadzutsa. Basi. Sanatiyang'ane kawiri, sanafunse kuti ndinu pachibale kapena tikupatseni mabedi awiri. Inu amene simunayambe mwaimapo pa kauntala ya loji kwathu kuno mtima ukugunda, mukukonzeratu bodza loti uyu ndi msuweni wanga ndalama zatichepera, simungamvetse kuti kusafunsidwa kokhako kumakoma bwanji. Kwathu lamulo likadali lomwe lija la zaka mpaka 14 kundende kwa amuna ogonana okhaokha, ndipo khoti linakana kulichotsa mu June 2024. Ku South Africa malamulo awo aakulu a 1996 amaletsa kusala munthu pa nkhani imeneyi, ndipo maukwati a amuna kapena akazi okhaokha anawaloleza mu 2006.

Chipinda chinali chaukhondo, mabulangete onunkhira sopo, ketulo ndi tiyi wa rooibos zili pompo. Bafa ndiye linatikhumudwitsa, giza yake madzi otentha amatha munthu mmodzi akangosamba, wachiwiri umangolimba mtima. Tinadandaula tsiku loyamba, anati abwera okonza, mpaka tinachoka okonzawo sitinawaone. Kadzutsa ndi yemweyo tsiku lililonse, mazira, tositi, soseji imodzi, munthu wozolowera kudya zogwira pamimba pofika 10 koloko njala yayambanso.

Mmawa wa Loweruka, tsiku la Pride lenilenilo, ndi pamene zinachitika zomwe sindidzaiwala. Tili mkati kukangana za malaya oti tivale, Chichewa chili pakamwa mokweza poti timadziwa kuti kuno palibe akutimva, kunja kwa chitseko tinangomva "odi, mwadzuka bwanji achimwene". Ine thupi lonse linazizira. Anali asisi okonza m'zipinda, kwawo ku Mangochi, akhala ku Joni zaka zambiri. Ndipo pabedi panali kambendera kathu ka utawaleza katayala poyera, palibe chobisa apa. M'mutu mwanga ndinayamba kale kuwerenga kuti amdziwa ndani amene amadziwa amayi anga, poti a Malawi ku Joni ali ponseponse ndipo nkhani imafika kumudzi msanga kuposa basi.

Asisi aja anangoyang'ana kambenderako, nkuyang'ana malaya amene ndinagwira, nkunena kuti amenewa ndi okwinyika bweretsani ndikusitireni. Pobweza malayawo anatiuza motsitsa mawu kuti kumeneko kumakhala makamera ambiri, a TV ndi ongojambula za pa Facebook, ndiye ngati kunyumba sakudziwa muvale magalasi ndi chipewa, komanso foni musaike m'thumba la kumbuyo. Sanawonjezere china. Kaya mumtima mwawo amaganiza zotani, izo ndi zawo, koma malangizo amenewo anatithandiza kuposa chilichonse chomwe tinawerenga pa intaneti.

Nkhani ya chipewayo inandikumbutsa zomwe mwini gesti anatiuza usiku wake titakhala pakhonde. Pride ya ku Joni ndi yoyamba mu Africa muno, inayamba pa 13 Okutobala 1990, anaikonza Simon Nkoli ndi Beverley Ditsie ndi anzawo a bungwe la GLOW lomenyera ufulu wa anthu ngati ife, Mandela atangotuluka kundende chaka chomwecho. Ena mwa oyenda tsiku limenelo anavala mapepala a shopu kumutu kuti asadziwike. Ndiye ine ndi magalasi anga akuda ndi chipewa sindinadzimve wamantha kwenikweni, ndinangoona kuti ena anayambira pomwepa.

Vuto lalikulu la gestiyi ndi mtunda. Zochitika zinali cha ku Sandton, ndipo Melville ndi kutali ndithu, sitima ya Gautrain sifika kumeneko. Popita tinakwera Uber mpaka Rosebank nkukwera sitima siteshoni imodzi, zinayenda bwino. Pobwerera ndiye kunagwa chimvula chamabingu chija cha masana a ku Joni, aliyense akuitana galimoto nthawi imodzi, mtengo unakwera moti ndalama ya chakudya cha Lamlungu inathera pamsewu. Mukakhala ndi ndalama gonani ku Rosebank komweko. Ife tinasankha Melville chifukwa chotchipa komanso usiku umangoyenda pang'ono wapeza pokhala, ngakhale mayi aja anatiletsa kuyenda wapansi kukada, ngakhale kamtunda kochepa, ndipo tinawamvera.

Za Pride yeniyeniyo ndidzalemba padera, koma mwachidule anthu ndi ambiri, nyimbo za amapiano mpaka m'mafupa, makampani ndi mabanki ali ndi matenti awo moti penapake zimaoneka ngati tiredi feya. Mtsikana wina wa ku Soweto amene tinacheza naye anati ya kwawo ya mu Seputembala ndiye imakhala yolankhula zenizeni, za akazi amene akuphedwabe m'malokeshoni ngakhale malamulo ali abwino. Lolemba tisanakwere basi tinapita ku Constitution Hill ku Braamfontein, ndende yakale yomwe pano pali khoti lalikulu loona za malamulo, kuchokera ku gesti ndi pafupi, pitaniko.

Ndidzagonanso pomwepo? Eya, koma ndidzayamba ndafunsa ngati giza anakonza. Asisi aja tinawasiyira kangachepe ndi paketi ya tiyi wa Chombe yomwe tinatenga kunyumba, anaseka nkunena kuti chaka chamawa tidzawabweretsere usipa.