Ma fyuzi a golide pa sipika, ndi mudala wina wokonza ma amp mu town

Amp yanga ndi ya kalekale, yolemera ngati thumba la simenti, ndinagula kwa amalume a ku Chilenje pamodzi ndi masipika awiri a mabokosi a matabwa. Chaka cha 2024 chija madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse, ndiye usiku wina anabwera mwadzidzidzi, ine ndinali nditaiwala amp ili on volyumu ili pamwamba, kungomva "phu!" basi sipika ya kumanzere zii. Kutsegula kachivundikiro kumbuyo kwa bokosi ndinapeza kagalasi ka fyuzi kada bii mkati, kawaya kaduka.

Kulakwa kwanga koyamba ndi apa. Ndinaitana mnyamata wina wa mu komboni mwathu muno amene amati amadziwa zamagetsi, iye osaganiza kawiri anatenga kapepala konyezimira ka mu paketi ya fodya nkukulunga fyuzi yakufayo, ati "bwana iyi sidzapsanso". Zoonadi sinapse. Chinapsa ndi twita, kasipika kakang'ono kotulutsa mawu aang'ono, patangopita masabata awiri, tsiku la kitchen party ya mlamu wanga titakweza kalindula mpaka mawindo kunjenjemera. Mawu onse aang'ono anasowa, gitala ikumveka ngati munthu akuimbira mu mgolo.

Kenako msuweni wanga amene amakonda kuwerenga za ma sound pa intaneti anandiuza zoti kuli ma fyuzi a "audiophile", a anthu okondetsetsa kamvekedwe ka nyimbo, nsonga zake zopaka golide, ati ukaika nyimbo zimatseguka, bass imalimba. Ine ndi mtima wanga wapachala ndinaitanitsa awiri kuchokera kunja, mtengo wake sindinena pano chifukwa amayi a kunyumba nawonso amawerenga Facebook.

Ndiye twita yopsa ija inandifikitsa kwa mudala uyu. Kashopu kake kali mu Lusaka pafupi ndi msika wa Town Centre, ukachoka mu Freedom Way nkulowa timakhwalala ta anthu a mafoni, kachipinda kakang'ono zedi, ma amp osanjikizana mpaka kudenga, fungo la soda yowotcherera mawaya ndi fumbi. Ndinanyamula sipika pa minibasi, kondakitala anandilipiritsa mpando wake, nanga ndikanatani.

Atatsegula nkuona kapepala ka fodya kaja sanakalipe, anangokachotsa ndi kapulaya nkundionetsa kumaso, "Mwana wanga, uyu ndiye wakupherani twita." Kenako anatenga fyuzi yakale nkuvala magalasi, nkuwerenga tizilembo ta pa chitsulo: F2AL250V. Ine zaka zonsezi ndimaona ngati ndi nambala chabe ya ku fakitale. Ati F ndiye kuti imaduka msanga, 2A ndi ma amp awiri (apa amp ndi muyeso wa magetsi odutsa mu waya), L ndi ya galasi wamba, 250V ndi mphamvu ya magetsi imene imapirira, poti kuno malaiti athu ndi 230V. Ikakhala ya T imachedwa kuduka, imeneyo malo ake ndi ku mbali ya magetsi olowa mu amp, chifukwa transformer ikamayaka imakoka kwambiri kwa kanthawi kochepa ndiye ya F ingamangoduka ulele. Koma ya pa sipika imafunika yothamanga kuti ife iyoyo koyilo, kawaya kokulungidwa mkati mwa sipika, isanatenthe.

Manje atayang'ana a golide anga aja anaseka pang'ono. Onse awiri anali T5A. Ine poitanitsa ndinaganiza kuti nambala yaikulu ndiye "upgrade" yeniyeniyo. Anatenga bolopeni nkulemba pa chikatoni: sipika ya 8 ohms, ma amp 2 kuchulukitsa ndi 2 kenako ndi 8, ma watts 32. Ya ma amp 5, 5 ndi 5 ndi 8, ma watts 200. "Sipika yanu iyi ikafike 200? Idzayamba kununkha fyuzi ili phee, ndi golide wake yemwe." Apa ndinangoti kukamwa yasa.

Koma ine makani, ndinati nanga kamvekedwe, paja amati kamasintha. Anati chabwino khalani apo muyang'ane kukhomo. Atamaliza kuika twita ina analumikiza sipika ku amp yake, nkuika rumba motsitsa, kenako amazimitsa, kusintha fyuzi ine osaona, kuyatsanso. Kasanu konse. Ine ndimati "iyi ndiye ya golide iyi, mwamva bass", iye osayankha. Pomaliza anatambasula dzanja, ya golide ili mmanja mwake, ati katatu komaliza sanasinthe kalikonse, inali ya galasi yomwe ija ya K5. Anyamata awiri a shopu yoyandikana amene anabwera kudzaonerera anaseka mpaka wina kukhala pansi.

Chimene chinasinthadi mawu ndi china. Timano togwira fyuzi tinali titachita dzimbiri lobiriwira komanso tinali lendelende, fyuzi imagwedera mkati, ndiye kaphokoso ka "tse tse" kamene ndimamva kuyambira kale bass ikagunda kanali kochokera pamenepo. Anapala ndi ka sandpaper, kupopera mankhwala otsukira, kufinya timanoto ndi pulaya mpaka fyuzi kulowa ndi "tha". Anandifunsanso za pulagi ya amp kunyumba, ija ya mano atatu, ati ambiri amangosiya ya 13A imene imabwera nayo pomwe amp ya mnyumba 3A kapena 5A imakwana. Nditafika ndinatsegula, inalidi 13A.

Zodandaula zilipo ndithu. Foni sayankha, ukaimba kanayi mwina ayankha kamodzi nkunena "ndili busy" nkudula. Sipika yachiwiri ndinaisiya kuti aione anati Lachisanu, ndinaitenga Lachiwiri sabata inayo. Pokhala palibe, umaima pakhomo anthu a mawilibala akukugunda. Ndipo twita anaika si ya mtundu weniweni wa sipikayo, anandiuziratu yekha, ukamvetsera bwino ya kumanzere ikuthwa pang'ono kuposa inzake. Koma mtengo sanandibere, mobile money amalandira, ndipo anandipatsa ma fyuzi anayi a F2A a 5x20mm mu kapulasitiki, nkulemba nambala ya fyuziyo ndi maka kumbuyo kwa bokosi kuti ndisadzasokonezenso.

Pa zisanu ndikumupatsa zinayi, imodzi ndachotsa chifukwa cha foni ija. A golide aja ndinamufunsa ngati angagule, anati alibe nawo ntchito, mwina ndiyese kwa anthu a ndolo. Ali mu drowa ya pa display pamodzi ndi mabatire akutha, amayi a kunyumba anawapeza dzana nkufunsa kuti tinthu tokongolati ndi ta chani, ndinangoti ndi ta wailesi.