Sikaflex-221 pomata denga la basi yosandutsa nyumba: pomwe imagwira ndi pomwe imagonja

Basi yomwe mwaichotsa mipando kuti ikhale yogonamo, kaya ndi Toyota Coaster kaya yaikulu, madzi amailowa m'malo odziwika: polumikizira malata a denga, pa maliveti, m'mphepete mwa mawindo, ndi pomwe mwaboola poika fani kapena masola. Pomata malo amenewa ambiri amathamangira Sikaflex-221. Chigamulo chathu nchakuti ndi yabwino ndithu potseka mipata, bola mukonze pomatapo ndipo muipake penti pamwamba.

Denga silikhala chete. Kutentha kwa denga kukasintha ndi madigiri 40, monga zimachitikira pakati pa m'bandakucha ndi masana a Okutobala, chitsulo cha mamita 10 chimatalika pafupifupi mamilimita 5, pomwe aluminiyamu amatalika mamilimita 9. Onjezerani kugwedezeka kwa msewu wa fumbi. Chomatira chouma gwa chimang'ambika. Sikaflex-221 ndi polyurethane, ikauma imakhala ngati labala, imatamuka nkubwerera.

Imauma ndi chinyezi cha mumpweya, kuyambira kunja kulowa mkati. Pa madigiri 23 imachita khungu pakatha pafupifupi ola limodzi, ndipo imauma mamilimita 3 kapena 4 pa tsiku. Kukatentha kwambiri khungulo limabwera msanga, choncho matani m'mawa kapena pamthunzi, mamita awiri okha nthawi imodzi, musalaze, kenaka mupitirire. Chubu cha mamililita 300 chimakwana mamita 12 ngati mzere wake ndi mamilimita 5 m'lifupi ndi 5 kuya.

Ikamatuka, kawirikawiri vuto ndi kakonzedwe. Palani chomatira chakale chonse, chotsani dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, kwechani ndi sandipepa, pukutani fumbi ndi mafuta. Pachitsulo chopanda penti pakani pulaimala kaye. Sika Aktivator-205, mankhwala opukutira pomatapo musanapake pulaimala, imathandiza kuti chomatira chigwire: pukutirani pang'ono ndi kansalu koyera, dikirani mphindi 10. Apa pali msampha womwe umagwira ngakhale amisiri: spiriti. Kupukutira nayo nkololedwa ngati mwaisiya iume kotheratu, koma mukasalazira nayo chomatira chachiwisi, pamwamba pake sipauma, pamangokhala nyatanyata. Ikani masikingi tepi mbali zonse ziwiri, ndipo muichotse khungu lisanagwire.

Chofooka chake chachikulu ndi dzuwa. Ikakhala pamtetete yosapakidwa penti, imayamba kutuwa, kuchita ufa ndi timing'alu. Penti imaigwira bwino ikauma, ndiye musaumire. Pomwe simudzapaka penti, Sikaflex-522 kapena chomatira china cha mtundu wa MS polymer chimapirira dzuwa kuposa 221.

Komanso 221 si yonyamulira katundu. Pomamatiza mabulaketi a sola kapena lata lotseka windo, yoyenera ndi Sikaflex-252, yomwe ndi guluu wamphamvu. Musafinye zitsulo mpaka guluu yense atuluke. Siyani mpata wa mamilimita 2 kapena 3 poikapo tizidutswa ta labala, chifukwa kuchindikalako ndiko kumalola zitsulo kuyenda. Pa masola, ife tingawonjezerebe mabawuti.

Pansi pa felemu ya windo kapena ya fani, yomwe idzamangidwa ndi masikuluu, ikani tepi ya butyl. Siuma, ndiye tsiku lofuna kusintha fani mudzaichotsa osapinda denga. Mangani masikuluu mpaka tepiyo itulukire m'mbali, dulani yotulukayo, kenaka zungulizani mzere wa chomatira panja. 3M 5200, yomwe ndi guluu wina wamphamvu, pamalo otere ayi: imatha kutenga sabata kuti iume, ndipo ikagwira mudzachita kudula ndi waya.

Silikoni wa kubafa, uja wonunkha ngati viniga, musamuyandikize. Asidi wake amadya chitsulo chopanda penti, penti siyimugwira, ndipo akamatuka amasiya utoto woterera womwe palibe chomatira china chimakakamirapo. Ndi wotchipa pogula, koma kumuchotsa ndi ntchito ya masiku.

Pogula 221 yang'anani deti pachubu, chifukwa imasungika pafupifupi miyezi 12 yokha. Chubu chomwe chakhalitsa pashelefu yotentha chimalimba mkati, mfuti yofinyira chomatira nkumakanika kuchikankha. Mukamaliza ntchito, dikirani masiku angapo, thirani madzi ndi payipi kuyambira pansi kukwera kudenga, wina ali mkati ndi tochi akuyang'ana liveti lililonse.