Malenzi a ulendo wa ku London mu Disembala: zoom imodzi, awiri ang'onoang'ono, kapena akuluakulu a f/2.8?

Ku London mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko madzulo, ndipo masiku ambiri kumakhala mitambo. Choncho posankha malenzi yambani mwaganizira za kuwala, za kukoka zinthu zakutali zibwere pambuyo. Chinanso ndi sikelo ya pabwalo la ndege. Ethiopian Airlines ndi Emirates amalola makilogalamu 7 m'chikwama cha m'manja kwa okwera kalasi wamba, ndipo kamera, laputopu ndi mabatire apadera zonse ziyenera kukwana momwemo, poti mabatirewo saloledwa m'katundu wopita kunsi kwa ndege.

Zoom (lenzi yokoka, yotha kuyandikitsa zinthu zakutali) imodzi ya f/4 ndiyo yosavutitsa. Nambala ya f ikakhala yaing'ono, lenzi imalowetsa kuwala kochuluka. Canon RF 24-105mm f/4L imalemera magalamu 700, Sony FE 24-105mm f/4 G magalamu 663, pamene Nikon Z 24-120mm f/4 S ndi 630. Pa 24mm Tower Bridge imakwana yonse mutaima m'mbali mwa mtsinje wa Thames, pa 105mm mumayandikitsa wotchi ya Big Ben. Simumasula lenzi panjira, ndiye fumbi ndi mvula yowaza sizifika pa sensa, kachipangizo ka mkati mwa kamera kolandira chithunzi. Kufooka kwake kumaoneka kukangoda. Chipangizo choletsa kugwedera chomwe chili m'malenzi a Canon ndi Sony aja chimakonza kunjenjemera kwa manja anu okha, sichiimitsa mwana wothamanga kapena basi yodutsa. Kuti munthu woyenda atuluke bwino mufunika shutter (nthawi yomwe kamera imatsegukira kuwala) ya 1/125 ya sekondi kapena yothamanga kuposa apo, ndipo pa f/4 mumsewu wa usiku ISO (mlingo wa momwe kamera imawalitsira chithunzi pamdima) imakwera msanga mpaka chithunzi kuoneka ngati chathiridwa mchenga.

Apa ndiye pamene malenzi osakoka amapambanira. RF 35mm f/1.8 imalemera magalamu 305, RF 85mm f/2 magalamu 500, onse pamodzi 805. Lenzi ya f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kasanu poyerekeza ndi ya f/4: pamalo pomwe zoom ikufuna ISO 6400, ya 35mm ikwanitsa ndi 1250. M'nyumba za abale, m'sitima zapansi panthaka ndi m'nyumba zosungira zinthu zakale, momwe nthawi zambiri tripod (choimikirapo kamera cha miyendo itatu) saloleza, kusiyanaku n'kwakukulu. Koma 35mm siitenga nyumba yaitali mukakhala mumsewu wopanikiza, ndipo kusinthasintha malenzi ndi zala zouma ndi chisanu n'kumene kumagwetsa zivindikiro, mwinanso lenzi imene. Awiriwa alibenso mphira wotchinga madzi.

Nanga RF 24-70mm f/2.8L ndi RF 70-200mm f/2.8L? Ndi magalamu 900 ndi 1,070, pafupifupi makilogalamu awiri musanawerengere kamera, koma kuwala kwake n'kowirikiza kawiri kokha kuposa f/4. Phewa lidzakuuzani pofika masana. Ya 70-200mm inyamuleni ngati mukupita ku mwambo wolandira digiri, komwe alendo amakhala kutali ndi nsanja. Apo ayi, itsale.

Manambala a mm onsewa ndi a kamera za sensa yaikulu. Pa Canon 2000D, 250D kapena R50 chulukitsani ndi 1.6, pa Nikon ndi Sony za sensa yaing'ono ndi 1.5. Ndiye 24mm imaoneka ngati 38mm, ndipo 50mm f/1.8 yomwe ambiri amaikonda imasanduka 80mm, yothina kwambiri pojambula banja pabalaza. Kwa eni 2000D ndi 250D, kalenzi ka EF-S 24mm f/2.8 ka magalamu 125 n'koyenera kuperekeza 18-55mm yobwera ndi kamera ija. Malenzi a RF salowa pa kamera ziwirizi, musawonongepo ndalama.

Kwa ambiri, zoom ya f/4 ndi 35mm f/1.8 n'zokwanira: kilogalamu imodzi basi, zoom masana, yaing'onoyo kukada. Mukachoka panja pozizira n'kulowa m'nyumba yofunda, galasi limachita nthunzi kunja ndi mkati momwe. Ikani kamera m'chikwama musanalowe, mutseke zipi, ndipo musatsegule mpaka patadutsa mphindi 30 kapena ola. Nthunzi yakunja imapukutika ndi kansalu, koma yamkati ikamabwerezabwereza imabala nkhungu.