Malipoti a IMEI a pa intaneti amathandiza, koma saona maloko onse

Pa intaneti pali mawebusayiti ambiri amene amalonjeza kuti, mukawapatsa IMEI, nambala yapadera yozindikiritsa foni imene mukufuna kugula kwa munthu, akuuzani ngati foniyo ndi yobedwa kapena yolokedwa. Ambiri amapereka lipoti lalifupi kwaulere, koma lathunthu amalipiritsa. Ndakhala ndikugwiritsa ntchito malipoti olipirawa pothandiza abale ndi anzanga kusankha mafoni ndi matabuleti ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo ndaona kuti ndalamayo sipita pachabe, bola wogula adziwe kuti maloko alipo amitundumitundu ndipo ena lipotilo siliwaona n'komwe.

Kagwiritsidwe ntchito kake ndi kosavuta. Mukaimba *#06# pa foniyo, nambala ya IMEI, yomwe imakhala ndi manambala 15, imatuluka pa sikirini, ndipo ndi bwino kuiyerekeza ndi imene ili mu Settings komanso pa bokosi ngati lilipo. Foni yolowa ma SIM awiri imakhala ndi ma IMEI awiri, ndipo onse ayenera kuyezedwa. Manambala 8 oyambirira amasonyeza kampani ndi mtundu wa foniyo, choncho lipoti likatchula mtundu wosiyana ndi umene uli m'manja mwanu, dziwani kuti nambalayo inasinthidwa kapena foniyo ndi yachinyengo. Pa mbali imeneyi, ngakhale lipoti laulere limagwira ntchito bwino.

Phindu lalikulu la lipoti lolipira lili pa mndandanda wa mafoni otayika ndi obedwa, umene makampani a netiweki a m'mayiko ambiri amagawana kudzera ku bungwe lawo la padziko lonse lotchedwa GSMA. Foni imene ili pa mndandandawu imayaka ndi kulumikizika ku Wi-Fi bwinobwino, koma netiweki imene imatsatira mndandandawo imaikana, ndipo palibe chimene mungaone ndi maso pa foniyo chokuchenjezani. Komabe lipotilo limangonena mmene zinthu zilili pa tsiku limene mwafunsa. Wogulitsa amene anatenga foni pa ngongole akhoza kusiya kulipira mutagula kale, kapena akhoza kukanena ku inshulansi kuti foni yake inatayika, ndipo foni imene inali yabwino pa tsiku la malonda imadzatsekedwa pambuyo pake. Komanso si makampani onse a netiweki amene amatumiza ma IMEI a mafoni obedwa ku mndandandawo.

Pamene malipotiwa amandikhumudwitsa kwambiri ndi pa loko wa akaunti, yemwe ndi woopsa kuposa maloko onse. Apple inayambitsa loko wotere, wotchedwa Activation Lock, mu 2013 pamodzi ndi iOS 7 (pulogalamu yoyendetsa iPhone), ndipo kuyambira pamenepo iPhone kapena iPad imene Find My yake (pulogalamu yofufuzira chipangizo chikatayika) ndi yoyatsidwa imakhala yomangiriridwa ku akaunti ya mwini wake, ngakhale ifufutidwe kapena ifulashidwe kangati. Kampaniyo inali ndi tsamba lakelake loyezera loko ameneyu, koma inalichotsa mu 2017, kotero kuti amene amagulitsa yankho limeneli lero ndi anthu apadera. Malipoti ambiri amene ndaona amaika pamwamba, m'zilembo zikuluzikulu zobiriwira, mzere wonena kuti foni sinalembedwe kuti ndi yotayika, pomwe mzere wonena kuti Find My idakali yoyatsidwa umakhala pansi, pakati pa zinthu zosafunika kwenikweni monga dziko limene foniyo inagulitsidwa koyamba. Munthu wachangu amaona zobiriwirazo n'kulipira, osadziwa kuti foni ikhoza kukhala yosabedwa koma n'kukhalabe mu akaunti ya munthu amene sadzamupezanso.

Njira yodalirika yoyezera loko ameneyu ndi yaulere, ndipo imachitika foni ili m'manja, wogulitsa ali pomwepo. Iye atuluke mu akaunti yake ya Apple, asankhe Erase All Content and Settings kuti afufute zonse za m'foniyo, kenako inu mulumikize foniyo ku intaneti ndi kuyamba kuikonza ngati yatsopano mpaka mutafika pa sikirini ya mapulogalamu. Ikaima pakati n'kulemba kuti iPhone Locked to Owner, kapena ikasonyeza imelo yobisidwa ndi timadontho, yongooneka chilembo choyamba, n'kupempha pasiwedi yake, malonda athere pomwepo pokhapokha wogulitsayo alembe yekha pasiwediyo inu mukuona. Musakhutire ndi foni yongotseguka ndi kusonyeza mapulogalamu, chifukwa pali mafoni amene analambalalitsidwa loko ndi mapulogalamu achinyengo, ndipo otere kawirikawiri salandira SIM ndipo amalokekanso akangofufutidwa. Wogulitsa amene akukana kufufuta foni ponena kuti nthawi yamuthera amakhala kuti wakuyankhani kale.

Pa mafoni a Android lipoti la IMEI limakhala ngati lakhungu. Loko wa Google, wotchedwa Factory Reset Protection, anabwera ndi Android 5.1 mu 2015, ndipo amagwira foni imene yafufutidwa akaunti ya Google isanachotsedwe, makamaka ikafufutidwa pogwiritsa ntchito mabatani. Foni yotere ikayaka imafuna akaunti imene inalimo kale. Sindinaonepo lipoti lonena za loko ameneyu modalirika, choncho mayeso ake ndi omwe aja: akaunti ya Google ichotsedwe, ya Samsung nayonso ngati foni ndi ya kampaniyo, kenako ifufutidwe ndi kukonzedwa mwatsopano ili pa intaneti.

Ogula matabuleti ndiwo amapindula pang'ono kwambiri. Tabuleti ya Wi-Fi yokha ilibe IMEI, ili ndi nambala ya siriyo basi, ndiye mndandanda wa GSMA suikhudza. Kuwonjezera apo, ma iPad ambiri ogulitsidwa atagwiritsidwa kale ntchito anachokera m'masukulu ndi m'makampani, kumene analembetsedwa kuti aziyendetsedwa ndi bungwelo lili kutali. Chipangizo chotere chikafufutidwa n'kulumikizidwa ku intaneti chimatulutsa sikirini yolembedwa kuti Remote Management, nthawi zambiri pamodzi ndi dzina la bungwelo, ndipo amene angachimasule ndi bungwe lokhalo. Mawebusayiti ena amayeza zimenezi, koma amafuna malipiro ena apadera.

Za loko wa netiweki, wochititsa foni kulandira SIM ya kampani imodzi yokha, sindingalimbikitse munthu kulipira. Kuyambira pa iOS 14, mukalowa mu Settings, General, kenako About, mzere wa Carrier Lock umalemba kuti No SIM restrictions ngati foni ndi yomasuka. Pa foni ina iliyonse, ikani SIM yanu ndi kuimbira munthu.

Chinthu china chimene chimandichotsera chikhulupiriro ndi malonda amene mawebusayiti ena amaika pambali pa lipoti, olonjeza kuchotsa Activation Lock mukalipira. Loko ameneyu amachotsedwa ndi mwini akaunti, kapena ndi Apple ikaona umboni wokwanira wakuti chipangizocho munagula ndinu, ndipo webusayiti yonena kuti ili ndi njira yachitatu ndimaikayikira ngakhale pa lipoti lake lenileni. Ena amakulembetsaninso malipiro a mwezi ndi mwezi pomwe inu mumafuna lipoti limodzi lokha, choncho werengani timawu ting'onoting'ono ta pansi pa batani musanalembe nambala ya khadi lanu la kubanki.

Ine ndimalipira lipoti pamene foni ndi yodula kapena inachokera kunja, komanso pamene wogulitsa ali kutali moti sindingathe kuigwira. Zikatero ndimapemphanso kanema mmodzi wosadukiza, wosonyeza IMEI pa sikirini, kufufuta, ndi kukonza foniyo mpaka kumapeto, ndiponso lisiti lolembedwa IMEI yomweyo.