Usiku umodzi pa famu yakale ya fodya m'mbali mwa Lutembwe

Mwezi watha alamu anga atabwera kuchokera ku Lusaka anati akufuna kugona kwinakwake kopanda phokoso la m'tauni. Tinapita ku nyumba ina ya alendo imene ili pa famu yakale ya fodya m'mbali mwa mtsinje wa Lutembwe. Dzina lake sinditchula, chifukwa dandaulo limene ndili nalo ndinawauza kale eni ake pamaso.

Kuchoka mu Chipata tinayenda mphindi pafupifupi 40, kumapeto msewu wafumbi. Chipinda chinali K450, chaukhondo, neti yopanda chiboo, madzi osamba otenthetsa pa dramu ndi nkhuni. Madzulo tinadya nsima ya mgaiwa ndi nkhuku ya kumudzi, pambali nkhwani wotendera bwino, nsinjiro zosachita kuumira. Pa zakudya ndilibe mawu.

Chimene ndikulembera ndi ulendo wa m'mawa wozungulira famu, umene amalipiritsa K100 pa munthu. Wotiyendetsa anali madala wina wa imvi mutu wonse, amene anayamba kumanga fodya pa ndodo pomwepo ali kamnyamata. Anatilowetsa mu balani ya njerwa, yaitali ngati tchalitchi, mkati muli mdima ndi fungo la utsi limene silinachoke mpaka lero. Anatisonyeza pamene ankasonkhera moto panja ndi mmene mapaipi ankayendera pansi kuti fodya aume ndi kutentha kokha, utsi osamukhudza. Moto sunkazima usana ndi usiku pafupifupi sabata yathunthu, ndipo wosonkha akaodzera, fodya wa balani yonse ankawonongeka. Anagwira dzanja langa n'kuliika pa khoma pamene panali timizere tozokota ndi msomali. Akuti mmenemo ndi mmene ankawerengera masiku. Kenako tinatsikira ku dibi ya simenti, imene ng'ombe zinkadumphiramo kuti nkhupakupa zife zisanabweretse chigodola. Munthu ameneyu amafotokoza ndi manja, moti alamu anga, amene sanalimepo, anamva zonse.

Koma m'chipinda chodyera apachika bolodi ya mbiri ya famuyi, ndipo mbiriyo ikuyambira pa tsiku limene mzungu anafika. Alemba kuti anapeza tchire lopanda anthu n'kulisandutsa munda. Nditawerenga pamenepo chakudya cha m'mawa sichinatsike.

Kuno sikunali kopanda anthu. Kunali Achewa, Ansenga ndi Akunda, ndipo Angoni a Mpezeni anali ndi ng'ombe zambirimbiri. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a azungu anagonjetsa Angoni, Nsingo mwana wa Mpezeni anawomberedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Chaka chotsatira Fort Jameson inamangidwa, tauni yomweyi timati Chipata. Kampani ya North Charterland inali itatenga dziko lokwana masikweya mailo 10,000, ikudalira chipepala cha mzungu wina dzina lake Carl Wiese, amene ankati Mpezeni anamupatsa. Golide amene ankamuyembekezera sanapezeke monga ankaganizira, ndiye anayamba kugulitsa malowo kwa alimi a fodya ndi oweta ng'ombe, makamaka a nthaka yabwino pafupi ndi mitsinje. Mu 1928 anthu akuda anadulidwira malo awoawo amene ankati rizevu, ndipo midzi inasamutsidwira kumeneko n'kuthithikana. Chowawa n'chakuti chaka chomwecho mtengo wa fodya unagwa, azungu ambiri anasiya mafamu, ndipo malo amene anthu anachotsedwapo anangomera tchire pomwe ku rizevu nthaka inkaguga. Boma linadzagula malo a kampaniyo mu 1941, ndi pamene ena anayamba kubwerera.

Ambuya anga obala amayi anasamuka nawo ali mwana wobereka kumbuyo. Mpaka kumwalira kwawo ankatchula dambo la kwawo kwakale ngati anachokako dzulo, ngakhale kuti ankalidziwa kudzera mwa amayi awo basi.

Titamaliza kuona dibi ndinafunsa madala aja kuti, "Agogo, nanga mzunguyo asanabwere pano panali ndani?" Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Tiyeni, mwanawe." Tinawoloka kakhwawa n'kufika pa msitu wowirira umene khasu silinakhudzepo. Anavula chipewa. Anali manda. Chapatali pang'ono anapalasa masamba ndi ndodo n'kutionetsa mphero yosalala pakati, ndi mapale a mbiya okhala ndi mizere m'khosi. Anati anthu sawatengera kumeneku chifukwa si mbali ya ulendo umene anawauza kuyendetsa.

Pochoka ndinauza mayi woyang'anira malowo kuti bolodi ija ikufunika kulembedwanso, ndipo wodziwa zolembapo ali naye kale pabwalo pakepo. Sanakwiye. Analemba m'buku lake n'kunena kuti akambirana ndi eni ake.

Malowa ndi oyenera kupitako, makamaka nyengo yadzuwa msewu ukauma. Valani nsapato zotseka chifukwa kukhwawa kuli chitedze, ndipo ku manda kuja musajambule zithunzi musanapemphe. Ine ndidzabwereranso mu Seputembala pamodzi ndi amayi, akufuna akaione mphero ija ndi maso awo.