Deep freezer yomwe ndinaisandutsa bala: zimene ndaona patatha zaka ziwiri

Amene munali ku Joni mu 2020 mukukumbukira. Kuyambira pa 27 March boma linaletsa kugulitsa mowa, ndipo posakhalitsa zinanazi ndi yisiti zinayamba kusowa m'masitolo chifukwa aliyense anasanduka wofulula. Ine ndinali m'gulu lomwelo. Anzanga anasiya kufulula mabala atatsegulidwa, koma ine ndinakomedwa nazo. Ndinachoka ku zinanazi n'kuyamba mowa wa chimera cha balere ndi hops (timaluwa topatsa mowa kakuwawa), malita 19 pa mphika umodzi. Mwina ndi zakumtundu, poti agogo anga aakazi ku Dedza masese awo anthu ankawalondola kuchokera kutsidya kwa dambo.

Chimene chinanditopetsa ndi mabotolo. Malita 19 amadzaza mabotolo 25 aja akuluakulu a 750 ml. Lililonse ulitsuke, ulitsukuluze, uthiremo shuga pang'ono, utseke, kenako udikire milungu iwiri kuti gasi apangike. Shuga ukachulukitsa wadziputira. Usiku wina botolo linaphulika mu wodilopu momwe ndinkabisa mowa kuopa dzuwa, zitenje za mayi a kunyumba n'kunyowa zonse. Kutacha sanalankhule zambiri. Anangoti, "Bambo a ana, mabotolo anuwa muwapezere kwawo lero lomwe." Nkhani ya deep freezer inayambira pamenepo.

Anzathu ofulula mowa kunyumba amaitcha keezer. Umatenga deep freezer yotsekula pamwamba, n'kuiletsa kuundanitsa zinthu, n'kuikamo timigolo ta mowa totchedwa ma keg, mowawo uzitulukira pa mpopi ngati ku bala. Yanga ndi ya malita pafupifupi 200, ndinagula kwa munthu amene ankasamuka. Zina zonse ndinagula ngati phukusi limodzi ku shopu ina ya zofululira mowa konkuno ku Johannesburg: mipopi iwiri, mapayipi, regulator (kachipangizo koyang'anira mphamvu ya gasi wochoka m'silinda), silinda ya gasi wa CO2 ya 2 kg, ndi ma keg awiri ogwiritsidwa kale ntchito. Kamakina koyang'anira kuzizira, ka Inkbird ITC-308, ndinagula padera. Dziwiranitu kuti pa zonsezi firiji ndi imene inali yotchipa. Ndalama zimathera pa tizitsulo ting'onoting'ono.

Ma keg aja ali ndi mbiri yawo. Ndi achitsulo chosachita dzimbiri, amalowa malita 19, ndipo amatchedwa Cornelius potengera kampani imene inkawapanga. Poyamba anali a zakumwa zoziziritsa kukhosi. A Pepsi ankagwiritsa ntchito mtundu wa ball lock, a Coca-Cola mtundu wa pin lock, ndipo makampaniwo atasamukira ku matumba a pulasitiki a m'makatoni, ofulula mowa anatola otsalawo. Mitundu iwiriyi zolumikizira zake sizilowana, ndiye mukasankha umodzi khalani nawo womwewo. Anga ndi a ball lock, otalika pafupifupi 63 cm, m'mimba mwake pafupifupi 22 cm. Musanalipire firiji, dulani makatoni ozungulira a saizi imeneyo mukawayale pansi pake. Mkati mwa deep freezer muli kachitunda kobisa kompuresa kamene kamadya malo, ndipo ine ndinkawerengera ma keg atatu koma pansi panangokwana awiri. Silinda ndiyo inakhala pa kachitundapo.

Ma keg a m'phukusi langa anabwera akununkhabe zakumwa za shuga. Fungo limakhala mu timphira, ndipo keg iliyonse ili ndi tisanu: ka pa chivindikiro, tiwiri ta pa milomo yolumikizira, tiwiri ta pa timapayipi ta mkati. Ogulitsa akanayenera kusintha okha, kapena kungondiuza. Ndinasintha ndekha mowa woyamba utatuluka ndi kafungo ka siwiti.

Tsopano kolala. Makoma a deep freezer musawaboole ngakhale wina akulimbitseni mtima chotani. M'makomamo mumadutsa timapayipi ta gasi woziziritsa, ndipo mukalasa kamodzi kokha firiji yatha ntchito. Chimene umachita ndi kumasula chivindikiro, kukhoma felemu ya matabwa pamwamba pa firiji (kolalayo ndi imeneyi), n'kubwezera chivindikiro pa felemuyo. Mabowo onse a mipopi amakhala m'matabwamo. Alamu anga ndi kalipentala, ndipo anandipangira ndi matabwa a payini pa Loweruka limodzi. Tinamata ndi silicone, sitinakhomere msomali ndi umodzi womwe m'firiji, kotero nditafuna kuibwezera mwakale ndingathe. Iwo ankafuna kolala yaitali kuti keg yachitatu ikwere pa kachitunda. Ndinakana, ndipo msana wanga umandithokoza. Keg yodzaza imalemera makilo opitirira 20, ndipo kuinyamula kuidutsitsa pamwamba pa matabwa n'kuitsitsa pansi mowerama si masewera. Alamu anangoseka, amvekere, "Alamu, mowa mumaukonda koma kuunyamula ayi."

Chinthu chimene ndingachiyamikire popanda kuchotsera ndi ka Inkbird. Umakalumikiza ku soketi ya kukhoma, firiji n'kuilumikiza kwa iko, ndiye kachingwe kake koyezera kuzizira umakalowetsa mkati. Kuzizira kukafika pamene wauza, kamadula magetsi. Kukayamba kufunda, kamayatsanso. Palibe kudula mawaya, palibe kuitana wa zamagetsi. Ine ndinaika madigiri 4, ndi mpata wa digiri imodzi, komanso ndinakauza kuti kompuresa ikazima izidikira mphindi 10 isanayakenso, chifukwa kuyaka n'kuzima pafupipafupi ndi kumene kumapha kompuresa. Magetsi akazima n'kubweranso kamakumbukira zonse. Amene munali kuno mu 2023 mukudziwa kufunika kwa zimenezo. Tinkakhala maola awiri, nthawi zina anayi, mumdima, koma malita 38 a mowa wozizira m'bokosi lotseka safunda msanga. Ndinkamwa wozizira bwinobwino pa kandulo.

Pa kachingwe koyezera kaja ndinalakwitsa ndekha. Ndinangokasiya kakulendewera m'malere. Ndikatsekula chivindikiro kankamva mpweya wofunda n'kuyatsa firiji, ndipo tsiku lina ndinapeza mowa wa pansi pa keg utayamba kuundana, mpopi ukungodontha. Tsopano ndimakamata ndi tepi pa khoma la keg, pakatikati, n'kukaphimba ndi kasiponji kuti kaziyeza mowa osati mpweya.

Nkhani yaikulu, imene inandidyera milungu itatu ndi mowa wambiri, ndi thovu. Tsiku loyamba ndinaitana alamu ndi anzanga awiri a kumudzi. Ndinaimika tambula pansi pa mpopi monyadira, n'kukoka. Chimene chinatuluka chinali thovu lokhalokha, loyera mbee, ngati ndikuchapa. Tambula inadzaza, mowa weniweni uli pansi wosakwana chala chimodzi. Mnzanga wina anati ndatsegula fakitale ya sopo. Tinamwa podikira thovu litsike, aliyense atagwira matambula awiri.

Zifukwa zinali ziwiri. Choyamba, mapayipi a m'phukusi anali a mita imodzi ndi theka. Mowa umachoka mu keg ukukankhidwa ndi gasi, ndipo payipi ndi imene imauchepetsa liwiro. Ikafupika, mowa umafika pa mpopi ukuthamanga, gasi n'kuthawamo nthawi imodzi. Nditagula payipi yopyapyala ya 3/16 inchi mkati mwake, mamita atatu ndi theka pa mpopi uliwonse, n'kuikulunga pamwamba pa keg, mowa unayamba kutsika mwaulemu. Apa ndiye ndimadandaula nawo ogulitsa phukusi aja. Payipi ndi chinthu chotchipa kwambiri pa zonse zimene anandigulitsa, ndipo kuumira mamita awiri kunanditayitsa pafupifupi theka la keg. Chachiwiri, mpweya wozizira umakhala pansi. M'kolala muja mumafundirapo, ndiye mowa wogona m'payipi ndi mumpopi umafunda, tambula yoyamba n'kukhala ya thovu. Ndinachotsa kafani m'kompyuta yakufa, n'kukalumikiza ku chaja yakale, kazizunguza mpweya usana ndi usiku. Ndinamatanso kolala mkati ndi zoyera zija zimabwera m'makatoni a TV.

Pali china chimene palibe anandiuza, ndipo a ku Gauteng, chigawo chimene kuli Johannesburg, mumve bwino. Matchati a pa intaneti amati pa madigiri 4, gasi wa 12 psi (muyeso wa mphamvu ya gasi pa geji ya regulator) amakwana pa mowa wamba. Amenewo ndi mawerengedwe a m'mphepete mwa nyanja, a ku Durban ndi Cape Town. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wa kunja ndi wopepuka, ndipo geji imayeza poyerekeza ndi mpweya wa kunjawo. Ndiye 12 ya kuno ndi yochepa kusiyana ndi 12 ya ku Durban. Mowa wanga unkatuluka wofooka, tambula ikakhala pang'ono yangoti zii. Nditakweza kufika pa 14 mpaka 15 psi, n'kuusiya masiku 10 osaugwedeza, unakhala momwe ndinkafunira. Ichi ndi chifukwa chakenso mapayipi anga ndi aatali kuposa a anthu ena.

Regulator ilibe vuto, imagwira pamene waiika. Geji yake yosonyeza gasi wotsala ndiyo musaikhulupirire, ndipo si kulakwa kwake. Gasi wa m'silinda amakhala ngati madzi, ndiye muvi sutsika mpaka atatsala pang'ono kutheratu. Silinda ikazizira m'firiji muvi umatsikanso wokha kuyandikira pofiira, ine n'kuthamanga kukadzazitsa silinda imene inali ndi gasi wambiri. Njira yodalirika ndi sikelo: kulemera kwa silinda yopanda kanthu kunalembedwa pakhosi pake, umangochotsera. Silinda yoyamba inandithera usiku umodzi chifukwa cha nati imodzi imene sindinamange bwino. Kuyambira pamenepo, ndikakhudza cholumikizira chilichonse ndimapakapo madzi a sopo n'kuyang'ana ngati pakutuluka tithovu. Ikakhala yosadontha imandifikitsa ma keg 6 kapena kuposa. Chenjezo lina: gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya wamba, amakhazikika pansi pa firiji. Ukalowetsa mutu kuti upukute, amakulasa m'mphuno mpaka misozi. Tsekulani, dikirani kaye, ndipo ana asamasuzumiremo.

Mipopi ya m'phukusi ndinaitaya patatha miyezi inayi. Inali ya mtundu wotsekera kumbuyo, imene imasiya mowa pang'ono kutsogolo ukuuma. Ukakhala masiku atatu osakoka, chogwirira chimamatirira ngati wathira ulimbo, ndipo tintchentche ta zipatso timamangamo mudzi. Ndinagula yotsekera kutsogolo, yachitsulo chosachita dzimbiri. Ndi yodula, koma ngakhale ndichoke milungu iwiri imatseguka ndi chala chimodzi. Ndikanadziwa, phukusi lija sindikanagula lonse, ndikanatola chimodzichimodzi.

Chinyontho ndi vuto losatha. Deep freezer inapangidwa kuti madzi aziundana, ndiye pa madigiri 4 amangotsetsereka m'makoma n'kudikha pansi. Nyengo ya mvula, kuyambira October, ukalekerera mumamera chuku chakuda m'makona. Ndimaikamo kabokosi koyamwa chinyontho ndi thaulo lakale, ndipo ndimapukuta ndikamasintha keg. Tsiku lomwelo ndimatsukanso mapayipi ndi mankhwala ake. Ntchito ilipo ndithu, koma ndi ya chiwiya chimodzi m'malo mwa 25.

Ndivomereze uchitsiru umodzi. Pokumbuka agogo, ndinaphika thobwa la chimera cha mawere n'kulithira mu keg kuti alendo a pa Khirisimasi azikoka pa mpopi. Kapayipi ka mkati mwa keg kamayamwira pansi penipeni, pamene masese onse amakhazikika. Kanatsekeka tambula yoyamba isanadzaze, ndipo ndinatha masana onse ndikuchokocha ndi waya. Zakumwa zathu zija zimafuna ndowa, chikho ndi munthu wovundula. Mu keg muzilowa zosefeka zokha.

Nanga ndi ya ndani? Ngati mumafulula kawiri pa chaka, khalani ndi mabotolo anu, ndalama yake siingabwerere. Ngati mphika umakhala pamoto mwezi ndi mwezi ngati ine, pangani, koma tsatirani ndondomeko iyi pogula: kamakina koyang'anira kuzizira, mipopi yabwino, payipi yaitali, ndiye firiji iliyonse imene ikugwira ntchito. Dziwaninso kuti mowa wa pa mpopi suwerengeka. Mabotolo opanda kanthu ankandiuza kuti ndafika pati. Keg imangokhala chete mpaka tsiku limene idzapemerera mpweya m'tambula. Ndinapachika kabolodi pambali pomwe ndimalembapo ndi choko tsiku limene ndaika keg, kuti ndizidziwerengera. Sindigulitsa, kugulitsa kumafuna laisensi, ngakhale anzanga amabwera Lamlungu lililonse ngati analipira.

Achimwene anga a ku Lilongwe ataona zithunzi pa WhatsApp anati nawonso akufuna. Ndinawauza kuti asanagule kanthu ayambe apeza kumene azikadzazitsa gasi wa CO2, chifukwa popanda ameneyo zonsezi ndi zitsulo chabe, ndipo poti Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050, geji yawo isadzafike pa 15 ngati yanga. Kuno mpopi wachiwiri unalandidwa kale. Mayi a kunyumba anazindikira kuti madzi wamba ukawaika mu keg ndi gasi amasanduka soda, ndiye keg imodzi ndi yawo ndi ana, amathiramo mandimu. Alamu abwera Loweruka ndi chiboolero, tikaone ngati kakeg kakang'ono kangakwane pa kachitunda silinda ikatulutsidwa kunja.