Kalongonda ndi mapesi polimbana ndi udzu: patha miyezi 16

Chaka chatha ndinasiya kutentha mapesi ndi kupopera mankhwala opha udzu, n'kuyamba kuphimbira munda ndi kubzala kalongonda m'chimanga. Papita madzinja awiri tsopano, alimi anzanga, ndipo sindikubwerera m'mbuyo, ngakhale khasu sindinalitaye.

Chisoso ndi bonongwe zinagonja msanga. Njere zake ndi zing'onozing'ono, zimadzuka zikamva kuwala. Ukatukula mapesi ndi dzanja umapeza timbande toyera, tonyozoloka, tofa tisanaone dzuwa, dothi lili zii, nyongolotsi zikuyendayenda. Koma pamene ndinayala mapesi mopelewera, dothi n'kumaonekera, udzu unamera ngati sindinachitepo kanthu.

Kalongonda ndinalakwitsa ndekha. Mbali ina ndinamubzala limodzi ndi chimanga, ndipo anayanga mpaka kungayaye, n'kugwetsa mapesi pansi. Dzinja lachiwirili ndinadikira masabata 6 chimanga chitamera. Apo anayala bwino, n'kutseka nthaka yonse chimanga chitayamba kuuma.

Kapinga sanamve. Amayenda ndi mizu pansi, amaboola mapesi, ndipo kachidutswa kamodzi kotsala kamayambiranso. Ameneyo ndikukumbabe.

Amene amandisowetsa tulo ndi kaufiti. Ndinkaganiza kuti mapesi amutha, koma iye nkhondo yake ndi yapansi. Njere zake, zosalala ngati fumbi, zimagona m'nthaka zaka zoposa 10, ndipo tsinde limodzi limabala njere masauzande ambirimbiri. Zimamera zikamva timadzi totuluka m'mizu ya chimanga, kenako n'kumatirira kumuzu n'kuyamba kuyamwa. Ukamaona timaluwa tofiira tija, chimanga chapinimbira kale. Komabe pamene panali kalongonda chaka chatha wachepako ndithu, chifukwa kaufiti amakonda nthaka yoguga, ndipo masamba owolerana aja abwezeretsa chonde. Wotsalayo ndimazula ndi manja asanachite maluwa, n'kukamutaya kunja kwa munda.

Dzinja likubwerali, chigawo chimene kaufiti wakakamira ndibzalapo soya, poti mizu yake imameretsa njere zija koma sizipeza poyamwa, zimangofa. Ndikufunanso kuyesa desmodium, chomera cha m'gulu la nyemba cholimbana ndi kaufiti, pakati pa mizere, njira imene akatswiri a bungwe lofufuza za tizilombo la ICIPE ku Kenya anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1990. Pakali pano ndikutchinga munda kuti ziweto zisadye mapesi m'chilimwe muno, chifukwa chaka chatha zinandidyera ngodya yonse, ndipo m'pamene chisoso chinabwerera.